Fungo la pa Mpando Wakumbuyo

Chitengereni pakati, mphuno yake inasanduka ya galu wosaka. Ankamva sopo wa munthu wodutsa kumsewu, ankadziwa kuti mkaka wasasa botolo lisanatsegulidwe, mpaka a m'nyumbamo anamutcha Namphuno. Kuipa kwa dzina la nthabwala n'kwakuti ngakhale unene zoona, anthu amayamba ndi kuseka.

Ndiye atanena kuti m'galimoto mukununkha petulo, mwamuna wake anaseka, nati ndi mimba imeneyo, ikatha fungonso litha. Galimotoyo inali ya apongozi ake aamuna, makaniko wopuma ntchito amene aliyense ankawatchula kuti a Sipanala. Inali yakalekale, yotsokomola m'mawa uliwonse, ndipo dzina lake linali Gogo. Gogo yemweyo ndiye anayenera kumutengera Namphuno kuchipatala tsiku lake likakwana.

Tisawanamizire a Sipanala, anayesetsa. Anatsegula boneti, napapasa mapaipi onse a petulo, nalimbitsa chitsekero cha thanki. Anayala katoni pansi pa galimoto kuti aone ngati pagwe dontho, koma katoniyo inakhala youma gwa. Kenako analowetsa mutu m'katimo, nakoka mpweya, nagamula kuti mulibe fungo lililonse. Apa ndi pamene mtima wa Namphuno unazizira. Iye ankadziwa kuti mphuno ya mkuluyu inafa kale ndi zaka zonse zija zopopa petulo ndi pakamwa, moti mphika unkapserera iwo ali chikhalire pambali pake. Koma mpongozi angauze bwanji apongozi ake kuti mphuno yawo yangotsala yokongoletsa nkhope? Anangoti zikomo, nabwerera m'nyumba.

Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali fodya. A Sipanala sankayendetsa galimoto popanda ndudu pakamwa: kukhala pampando, kuyatsa ndudu, kenako kuliza injini. Namphuno akangoganiza za kamoto ka machesi m'kati mwa fungo lija, mwana ankagunda m'mimba ngati nayenso waopa.

Matenda a kubereka anamuyamba Namphuno masana, dzuwa likuswa mtengo. Mwamuna wake anathamanga ndi chikwama, a Sipanala anatenga makiyi. Gogo anali atakhala padzuwa mawindo ali otseka, ndipo chitseko chakumbuyo chitatseguka, fungo linamumenya Namphuno mpaka misozi. Nthawi yomweyo ululu unamugwira m'chiuno, nagwada pansi, nkhope yake itagona pampando. Pamenepo fungolo silinalinso la kumphuno kokha, linkamveka ndi palilime pomwe.

Mwamuna wake anaganiza kuti mkaziyo akuopa kufera panjira, popeza Gogo anali ndi mbiri yothera mafuta pakati pa msewu. Pofuna kumulimbitsa mtima, anaulula chinsinsi chake monyadira: sabata yatha anakadzazitsa thanki mpaka pakamwa, kukonzekera tsiku lomweli.

Sabata yatha. Namphuno anakumbukira kuti fungo linayamba tsiku lomwelo. Ndipo chikwatiwireni pakhomopo anali asanaonepo Gogo atakhuta. Ankangomumwetsa kapetulo kongofikitsa kumene akupita, muvi wa geji uli chigonere pansi ngati wothyoka.

Atadzutsa mutu, anaona a Sipanala atakhala kale pachiwongolero, ndudu ili pakamwa, chala chikukankha bokosi la machesi. Mantha anamuchotsera manyazi onse a chipongozi.

"Bambo, musayatse," anatero. "Chonde musayatse. Thanki yadzaza koyamba, ndipo fungo likuchokera pansi pa mpando uno. Ndikufa ndi ululu, koma muno sindilowa."

Mwamuna wake anayamba kudandaula kuti nthawi ikutha. Koma mawu akuti thanki yadzaza anawaimitsa dzanja a Sipanala. Mphuno inawathawa, koma galimoto yawo ankaidziwa ngati chikhatho chawo: thanki ya Gogo inali pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo pamwamba pake panali kachivundikiro kokhala ndi labala wozungulira. Petulo wochepa sankafika pamenepo, ndiye zaka zonsezi labalayo akanatha kuola popanda womufunsa.

Anatsika pang'onopang'ono, nauza mwana wawo kuti amuimiritse mkazi wake patali. Kenako anakoka mpandowo, nautukula.

Labala anali atang'ambikang'ambika ngati chidendene cha m'chilimwe. Petulo anali atadikha m'kachigwa ka pamwamba pa thanki, n'chifukwa chake sanadonthere pakatoni paja, ndipo siponji ya mpando inali itamumwa mpaka kulemera. A Sipanala anaifinya ndi dzanja, petulo nayenderera m'zala zawo mpaka m'chigongono. Apo ndi pamene mpongozi wawo akanakhala, mawindo otseka, iwo akukhwatcha machesi kutsogolo.

Mwamuna wa Namphuno anathamangira kwa aneba kukapempha galimoto. Mkuluyo anatsala ataima, akuyang'ana dzanja lake lonyowalo. Analinunkhiza, ndipo nkhope yake inaonetsa kuti ngakhale tsopano sakumva kanthu. Anachotsa ndudu pakamwa, nayenda kupita pamene Namphuno anatsamira khoma akupuma movutika. Anamupatsa bokosi la machesi lija.

"Sungani ndinu, mayi," anatero. "Ine ndikanakuphani ndi mdzukulu wanga yemwe."