Foda Yomaliza ya Apongozi

Apongozi aamuna anali ndi nyimbo zikwi zinayi, ndipo zonse ankazidziwa ndi nambala. Kale ankaika nyimbo m'maphwando a ukwati. Matenda a shuga atayamba kuwadya maso, mwana wawo anakopera nyimbo zonsezo m'kabokosi kakuda kosungira mafayilo kamene kanali pa shelefu pambali pa rauta ya intaneti. Mafoda makumi anayi, monga mmene mkuluyo anawasanjira yekha. Maso atatheratu ankangoti, "Foda 12, nyimbo 9," wina n'kutsegula laputopu n'kuwaikira. Sankaphonya ngakhale kamodzi.

Wina ameneyo anali mkazi wa mwana wawoyo, amene nyumba yonse inkamutchula kuti Anesi chifukwa cha ntchito yake. Mwamuna wake, dalaivala wa mathiraki, pakhomo ankangofika ngati mlendo. Ndiye Anesi akapita kuchipatala, mkuluyo ankatandala pampando ali duu, nyimbo zili pomwepo koma wowaikira palibe. Zimenezi zinkamuwawa Anesi.

Loweruka lina m'mawa anawalonjeza, ndi kukamwa konse: "Bambo, pofika masana muziika nokha nyimbo pa foni yanu yolankhula ija. Pali pulogalamu yongoika m'kabokosimu, basi."

"Ingosamalani manambala anga, mayi," anatero apongozi. "Mayina ndinaiwala. Chimene chinatsala m'mutu muno ndi manambala."

"Musade nkhawa."

Anayala laputopu pa tebulo lodyera, n'kulowa patsamba la kabokosiko. Pulogalamu inalowa mosavuta. Inafunsa komwe kuli nyimbo, iye n'kuilozera. Inafunsanso zina ziwiri zitatu, ndipo Anesi, mwaphuma lake lija, anangodina kuvomera osawerenga. Kabokosi kanayamba kulira chapansipansi, kanyale kake kobiriwira kakuphethira. Iye mpaka anapita kukaanika zovala akuimba.

Pobwera, anasuzumira pa laputopu.

Mafoda aja kunalibe. Pulogalamu inali itasanja nyimbo mwa nzeru zake, potsata mayina a oimba, ndipo nyimbo zoposa chikwi inaziunjika mulu umodzi wa oimba osadziwika. Manambala onse anali atapita. Kuthamanga sikufikadi. Zaka makumi atatu za ntchito ya munthu, iye wazisakaniza m'kanthawi koanikira malaya anayi. Ndipo mwini wake sangaonenso kuti azisanjenso.

Anaimbira mwamuna wake, foni n'kumangoitana. Anaganiza zozula waya wa kabokosi, koma anaopa kuwonjezera tsoka pa tsoka.

"Kwakhala chete kumeneko," anatero apongozi ali pabalaza. "Wodwala wanu watsirizika?"

"Ayi bambo, akupumabe."

"Mawu anuwo ndi a munthu amene wathyola singano m'thako la wodwala."

Anesi sanaseke. Anapita kukagwada pafupi ndi mpando wawo n'kunena zonse, osabisa. Mkuluyo anangosisita nsonga ya ndodo yawo ndi chala. Akanamukalipira zikanakhalako bwino.

"Yazichotsa m'malo mwake," anafunsa pamapeto pake, "kapena yangolemba mndandanda wakewake? Ine ndinkakhala ndi kamnyamata konyamula masipika, kankalemba nyimbo m'kope mwa njira yake. Koma zimbale zinkakhala momwe ndaziika."

Anesi anadzuka msangamsanga. Anasiya pulogalamu ija n'kutsegula kabokosiko mwa njira yakale. Foda 1, foda 2, foda 3... mpaka 40, onse ali ndondondo, palibe chakhudzidwa. Pulogalamu inangowerenga, sinasunthe kanthu. Atafufuza bwino, ulendo uno akuwerenga liwu lililonse, anapeza pamene imalola kuonetsa nyimbo potsata mafoda. Anadina, manambala n'kubwerera onse.

Anakhala pansi, pasimenti penipeni. Mtima unabwerera m'malo, ndipo anayamba kuseka misozi ili mbwembwembwe.

"Bweretsani kuno ndimuyese wodwalayo," anatero apongozi.

Anawapatsa foni, n'kuwagwira chala kuwasonyeza poyambira. Foniyo inkatchula chilichonse chimene akhudza. Mkuluyo anatsetsereka pang'onopang'ono mpaka pa foda 12, nyimbo 9. Gitala analira m'sipika ya pashelefu.

"Ndi yomweyo," anatero.

Anayesa foda 27, nyimbo 30. Yomweyo. Foda 5, nyimbo yoyamba. Yomweyonso. Phazi lawo linali litayamba kale kugunda pansi.

Kenako anatsikira mpaka pansi penipeni, foda 40, nyimbo yomaliza. Itangoyamba, Anesi anaima chilili, dengu la zovala lili m'manja. Inali nyimbo imene anavina polowa mu holo tsiku la ukwati wake, zaka zisanu ndi zitatu zapitazo.

"Bambo, imeneyi munaisunga?"

"Ndi yomaliza imene ndinailemba nambala maso akadaona," anatero mkuluyo. "Tsiku limenelo maso anali atayamba kale chifunga, koma inu ndinakuonani bwinobwino, diresi ndi nsapato zomwe. Zina zonsezo zikanasokonekera ndikanapirira, mayi. Ndimaopera iyi."

Anesi anaika dengu pansi n'kukhala pambali pawo mpaka nyimboyo inatha. Ndiye apongozi anaibwereza okha, ndi chala chawo.