Kanjinga ka Pakona ya Galasi

Kwa zaka khumi ndi zitatu ine ndinkangogwira chiwongolero, wodziwa njira anali mkazi wanga. Abale ake ankanena kuti ndikhoza kusochera ngakhale pakati pa khitchini ndi bafa. Choncho patchuthi cha chaka chino, titatenga apongozi anga aakazi kuti akapume nafe kunyumba ya alendo ya kumapiri, ndinabwereka kachipangizo kolozera njira kwa mlamu wanga. Ndinakamata pagalasi lakutsogolo n'kulengeza kuti lero palibe wondiuza pokhotera.

"Msewu umenewu ndinayamba kuudutsa ndili mtsikana," anatero apongozi ali kumbuyo.

"Amayi, inu ingopumulani. Dziko linasintha."

"Chabwino bambo, tipumule."

Kachipangizoko kankayankhula ndi mawu achizimayi odekha, ndipo ine ndinkamvera mwaulemu kuposa mmene ndinamverapo munthu aliyense. Katanena kuti tikhotere kumanzere, ndinakhota.

"Bambo a ana, phula tikulisiyiranji?" anafunsa mkazi wanga.

"Iyi ndi yachidule."

"Yachidule? Nanga bwanji kakulemba maola asanu ndi awiri, pomwe ulendowu ndi wa maola awiri?"

Ndinamufotokozera mwauphunzitsi kuti makinawa amaona zinthu zimene maso athu sangaone. Tinadutsa kuseri kwa sukulu ina, kenako pambali pa bwalo la mpira. Msewu unkangocheperachepera, mpaka zitsamba zinayamba kukanda zitseko mbali zonse. Pena tinadutsa pansi pa chingwe cha zovala, bulangete lonyowa n'kutipukutira galasi. Apongozi ankangosenda lalanje.

Tinakaima pamtsinje. Mlatho wake unali wa matabwa atatu.

"Pitirirani kutsogolo," kanatero kachipangizo kaja, kopanda ndi manyazi omwe.

Mwana wathu wamkazi anasuzumira paphewa panga n'kuloza kachithunzi pagalasi la kachipangizoko. "Adadi, kanjinga kali pakonapo n'kachiyani?"

Kanjingako ndinali nditakaona kuyambira m'mawa, koma ndinkayesa chizindikiro cha kampani.

"Bambo a ana," anatero mkazi wanga pang'onopang'ono, "achimwene amayenda pa chiyani?"

Mlamu wanga alibe galimoto. Loweruka lililonse amavala kabudula wothina n'kukakwera mapiri panjinga yakapalasa. Kachipangizoko sikanalakwe chilichonse: kankatsogolera njinga, ine n'kumatsatira ndi banja lonse ndi masutikesi anayi.

Potembenukira panalibe. Ndinabwerera chafutambuyo mtunda wautali, khosi lili chopotoka, bulangete lija n'kutipukutiranso kachiwiri. Titafika pamphambano ndinazimitsa injini, ndinatsokomola, kenako ndinatsokomolanso.

"Amayi, kodi kuchokera pano tilowere kuti?"

"Aa, ine? Si munati ndipumule?"

"Mwapumula mokwanira, amayi. Chonde."

Mkazi wanga anatsika akudzigwira pakamwa kuti asaseke, n'kuwapatsa mpando wakutsogolo. Apongozi anakhala bwinobwino, anamanga lamba, anamatula kachipangizo kaja n'kukaponya m'chikwama chawo pamodzi ndi makoko a lalanje. Kenako anafewetsa mawu kuti afanane ndi a mayi wa m'makina uja.

"Pa mtengo waukuluwo, khoterani kumanja. Kumanja, bambo. Dzanja lodyera."

Ndinakhota. Patangopita mphindi khumi, matayala anagunda phula, ndipo galimoto yonse inaomba m'manja. Sankaombera ine.