Chitseko cha Mayi Pompano

Miyezi inayi inali itakwana chitsikireni chitseko cha Mayi Pompano kuchipatala, ndipo mlamu wake, wocheka matabwa, anali asanachibwezebe. Chinthu chobwereka sichimera mizu kumene chapita. Koma ichi ndiye chinamera, mwini wake n'kumagona m'nyumba yoti yasaa, pakhomo atangopachikapo chiguduli. Mphepo inkalowa osaodira. Nkhuku zinkalowa, agalu ankalowa, ngakhale mbuzi ya eni inalowapo n'kudya theka la mbewu ya nyemba.

Mudziwo unali pamwamba penipeni pa phiri, kumene msewu sunafikeko. Kuchipatala unali ulendo wa maola anayi potsika, pokwera osanena. Munthu akadwala mosatha kuyenda ankamunyamula, ndipo chomunyamulira chinali chitseko cha Mayi Pompano. Za anzake zinali za bango, zina za malata obooka. Chake chokha chinali cha matabwa atatu okhuthala, amene malemu mwamuna wake ndi mng'ono wake, wocheka matabwayo, anacheka pa mtengo waukulu womaliza wa kukasupe. Chinanyamulapo anthu ambiri, ndipo nthawi zonse chinkabwerera, chifukwa wodwalayo ankabwerera pomwepo, kaya wamoyo kaya ayi. Koma mkazi wa wocheka matabwa anakamwalirira kuchipatala chachikulu cha kutauni, n'kukaikidwa kwawo. Chitseko chinatsala kumunsi.

Dzina loti Pompano anam'patsa ndi anthu, poti iye mawu oti mawa sankawadziwa. Anali atapirira miyezi inayi chifukwa cha maliro basi. Tsopano mwana wake wamkazi anali ndi pakati pa mwezi womaliza, mapazi atatupa ngati mikate, mwamuna wake ali kutauni kosaka ganyu. Mitambo inali itayamba kuunjikana kuseri kwa phiri. Khanda silingafikire m'nyumba yopanda chitseko nthawi ya mvula.

Mayi Pompano anam'peza mlamu wakeyo pakhonde pake akukhomera mpini wa khasu.

"Alamu, chitseko."

"Tadzuka bwino, kaya inu alamu?"

"Ine sindinadzuke, poti sindinagone. Galu wanu wabweranso. Wanyambita mapoto onse, kunali kungotsala kuti andifunse mchere."

Wocheka matabwa anapitiriza kugogoda mpini. Anali atawonda chimwalirireni mkazi wake, malaya akungolendewera ngati awayanika pamtengo.

"Mvula ikangodula, alamu, tikatenga."

"Mvula sinayambe n'komwe, inu mukudikira kuti idule?"

"Anyamata ndawauza. Akuti minda."

"Potsika munalipo asanu ndi atatu."

"Potsika panali munthu," iye anatero. "Munthu akakhalapo aliyense amasiya khasu. Thabwa lokhalokha ndani angalikwezere phiri ili?"

"Inuyo. Munabwereka ndinu."

Mayi Pompano anayang'ana kudenga la khonde, n'kuona sowo wamkulu wa anthu awiri atasomekedwa kuphaso, dzimbiri lili psuu. Anamusolola.

"Uyu ndi chikole."

"Acheka chiyani ameneyo? Mitengo inatha."

"Ndiye simumusowa," anatero mayiyo, n'kumapita sowo akunjenjemera paphewa.

Patapita masiku atatu anatsika ndi mwana wake, chifukwa namwino anali atanena kuti mapazi otupa choncho akadikirire kuchipatala. Ananyamuka kutangocha. Mayi anasenza mtolo wa nkhuni, pamwamba pake mphasa, kumsana atabereka mapoto ndi thumba la chakudya. Njira inali ya miyala yoterera, malo ena yopapatiza moti phazi lina limapempha linzake kuti lidutse. Kumanzere kunali phompho. Minda ya anthu inali itapachikika m'mbali mwa phiri ngati zigamba, dothi lake lofiira likutsika chaka ndi chaka kupita kwa eni chigwa. Mwana ankapuma pa mwala uliwonse waukulu.

"Amayi, msana."

"Msana uli ndi aliyense. Tiye."

Koma ankaima, kumudikira, akuyang'ana kumbali ngati akuwerenga mbuzi za anthu.

Anafika dzuwa litapendeka. Chipatala chinali nyumba ziwiri za njerwa ndi mjigo. Kuseri kunali kachipinda kogonamo amayi odikira tsiku lawo. Mayi Pompano anatula nkhuni, n'kuwongoka, n'kuima chilili. Chitseko chake chinali pakhomo pa kachipindako. Wina anali atachimangirira ndi malamba a tayala. Anachidziwa ndi kabowo ka mfundo kamene iye mwini anatsekapo ndi chitsononkho. M'mphepete mwake munali zokanda zatsopano, timizere tinayi tozama, pamene mkazi wa mlamu wake uja anakanikiza zikhadabo njira yonse.

Namwino anatulukira akupukuta m'manja. Anali mtsikana ndithu, koma maso ake anali a munthu wamkulu.

"Anesi, chitseko ichi ndi changa."

"Ndi chanu? Chinakhala pakhonde mwezi wathunthu, mvula ya chifunga ikuchinyowetsa. Amlonda ndi amene anachiika apa. Kale amayiwa ankagona ndi agalu."

"Agaluwo anasamukira kwanga."

Namwino anapumira m'mwamba. "Ndiye chotsani, mayi. Ine mkati muno ndili ndi odwala awiri, ndipo ndili ndekha."

Mwana anamukoka nsalu mayi ake. "Amayi, inetu ndigona momwemu."

Mayi Pompano anasuzumira m'kachipindako. Munali amayi asanu, mphasa zawo zitayalidwa mothithikana, ndi bedi limodzi lachitsulo kukhoma, pamene anaunjikapo makatoni. Sukulu anailekera kalasi yachiwiri, koma malonda palibe anamuphunzitsa.

"Chabwino, anesi. Chikhale mpaka mwana wanga achire. Koma lendi yake ndi bedi ilo, ndi neti yosabooka."

"Bedilo ndi la makatoni a mankhwala."

"Makatoni alibe pakati."

Amayi a m'chipindamo anaseka. Namwino naye anamwetulira pang'ono, n'kuitana mlonda kuti achotse makatoni.

Anadikira masiku khumi ndi awiri. Nkhuni zinatha, n'kumakatola zitsononkho m'minda ya eni. Chakudya chinachepa, mayi n'kumanena kuti wadya kale. Tsiku lililonse ankayang'ana kuphiri, kumene mitambo inkakhala pamudzi pawo ngati nkhuku pamazira. Tsiku la khumi ndi chitatu mwana anachira bwinobwino, khanda lachimuna, lamawu ngati agogo ake. M'mawa mwake make khandalo anali kale pamjigo, akuchapa matewera.

Mayi Pompano anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapita kumpanda, kumene mayi wina wa kumudzi kwawo, wogulitsa nthochi, ankamanga dengu lake kuti azikwera.

"Mukawauze alamu anga kuti mwana wabadwa, koma make sakutha kuponda pansi. Abwere ndi anthu mawa, ndi nsungwi ziwiri."

Wanthochi anayang'ana kumjigo. "Si uyo akupopa madziyo?"

"Inu mumagulitsa nthochi kapena maso? Nayi sopo, mukachapire ana."

Sopo analowa m'dengu.

Anafika m'mawa dzuwa litakwera, amuna asanu ndi mmodzi ndi wocheka matabwa, matope mpaka m'mawondo. Mayi Pompano anali atamugoneka kale mwana wake pabedi, atamufunditsa mpaka m'khosi.

"Amayi, ine ndikhoza kuyenda. Manyazi awa."

"Manyazi satseka pakhomo. Gona. Akakunyamula uzibuula, koma osapitirira muyeso."

Mlonda anadula malamba a tayala. Chitseko chitachoka, kuwala kunalowa m'kachipindako mmene munali amayi aja. Mmodzi, wamimba yaikulu kuposa onse, anayankhula osayang'ana munthu.

"Basi, tabwerera kwa agalu."

Mayi Pompano anamva. Anamasula mphasa yake pamtolo n'kumuponyera.

"Mupachike iyi, pansi mutsamiritse miyala iwiri. Ine ndagona choncho miyezi inayi, sindinafe. Koma ndakubwerekani, sindinakupatseni."

Namwino anabwera ndi khadi la mwana. Anaona mtsikana amene dzulo ankapopa mjigo ali gone pachitseko, akubuula mwaulemu. Anayang'ana mayi, mayi naye anamuyang'ana osaphethira.

"Anesi, auzeni anthuwa. Angakwere phiri uyu?"

"Munthu wochira dzana sayenera kukwera phiri limenelo," namwino anatero. "Ndimanena chaka chonse. Lero ndi koyamba kuona anthu atamva."

Anamanga nsungwi, anayi n'kunyamula, atatu n'kumatsatira kuti azilandirana. Mayi Pompano anabereka khanda, mapoto pamutu. Wocheka matabwa anagwira kutsogolo kumanzere, ndipo mayiyo anaona kuti dzanja lake lagwera pa timizere tija. Analisuntha, kenako analibwezera pomwepo. Ena ankasinthana, iye ayi.

Chitunda choyamba anakwera akucheza. Chachiwiri nkhani zinatha, kunatsala kupuma kokha. Mvula inayamba kuwaza. Wina wamtali, amene ankamutcha Mlongoti, anadandaula kuti malemu anacheka matabwa ngati akumanga mlatho. Wina anati mtsikanayu kuchipatala ankadya miyala. Mapewa anasupuka. Pamtsinje wa pakati pa ulendo anatula kuti amwe madzi, chitunda chachikulu chili patsogolo pawo, chongoti njo ngati khoma.

Apa ndi pamene zinaonongekera. Mtsikana anali atadzigwira kuyambira kuchipatala, ndipo sakanathanso. Anavundukula nsalu, n'kudzuka, n'kudumpha kamwala, n'kulowa patchire mwachangu ngati munthu wothamangitsa nkhuku.

Amuna onse anamuperekeza ndi maso.

"Koma mtsinje uno ndi mankhwala," anatero Mlongoti. "Tizingobweretsa odwala pompano."

Palibe anaseka kwenikweni. Wina anayamba kumasula nkhata paphewa.

"Mayi, ife tasiya minda. Mvula yoyamba ndi ino, anzathu akubzala. Mwatitsitsa phiri kuti tidzanyamule thabwa?"

"Thabwa lomweli linanyamula bambo ako chaka chatha," Mayi Pompano anayankha. "Sunalitche thabwa tsiku limenelo."

"Bambo anga ankadwala zoona."

"Ndiye ukadzadwala zoona iweyo, tidzakunyamulira pa chiyani? Pa chiguduli?"

Koma anaona kuti mawu ake sakugwira. Awiri anali ataima kale, akuyang'ana njira. Chitseko chikanatsala pamtsinjepo, ndipo madzi akadzadza chikanapita. Khanda linayamba kulira kumsana. Kwa nthawi yoyamba chichokereni kumudzi, miyendo yake inamuuza kuti ndi wokalamba.

Mtsikana anatuluka patchire atazyolika, akukokera phazi mochedwa.

Wocheka matabwa anali atakhala pamwala, akuyang'ana m'madzi. Anayankhula osakweza mawu.

"Ine ndinadziwira kumudzi. Wanthochi sasunga nkhani, ngakhale umupatse sopo." Anapukuta kumaso. "Malemu mkazi wanga anakwera chitunda ichi kasanu, khanda kumsana, atachira dzana lake. Ine ndinkatsogola ndi kachikwama. Sindinaganizepo kuti n'kumunyamula. Ndinadzamunyamula kamodzi kokha, kotsika."

Anaimirira, n'kuyala bwino nsalu pachitseko.

"Mwana wanga, gona apa. Usabuulenso, tamva kale."

"Bambo aang'ono, ndikhoza kuyenda."

"Ndikudziwa. Gona."

Anagwira nsungwi yake n'kudikira. Anadikira ndithu. Mlongoti anatukwana chapansipansi, n'kubwezera nkhata paphewa. Enawo anabwera mmodzimmodzi, womaliza ndi uja wa bambo ake.

Chitunda chimenecho anakwera maola awiri, malo ena chogwada, akutsogolo atatsitsa manja, akumbuyo atakweza pamutu. Mayi Pompano ankabwera pambuyo, osanena kanthu, zomwe anthu anazikumbukira nthawi yaitali kuposa ulendowo.

Anafika mvula itakhwima. Amuna aja anatula pakhonde n'kubalalika, osadikira ngakhale madzi akumwa. M'nyumba munali manyi a nkhuku ndi fungo la galu. Mayi anasesa pakona, n'kukhazika mwana ndi khanda, n'kuthothola chiguduli pakhomo.

Mahinjesi anali akadali pafelemu, ofiira ndi dzimbiri. Wocheka matabwa anaimika chitseko, n'kupisa m'thumba la malaya, n'kutulutsa kansanza komanga mfundo. Munali misomali imene anazula tsiku lija anabwereka chitsekocho. Anakhoma ndi mwala.

"Isanu," anatero Mayi Pompano. "Inali isanu ndi umodzi."

Iye anapisanso m'thumba, n'kupeza wotsalawo utabisala mumsoko, wopindika. Anauwongola pamwala n'kuukhoma. Mayiyo anakankha chitseko, n'kuchikoka, n'kuchikankhanso. Chinkakhula pansi pang'ono, poti chinali chitamwa madzi, koma chinatseka.

Analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi sowo. Anali atamupaka mafuta.

"Nayu. Tathana, alamu."

Wocheka matabwa analandira, n'kuika paphewa losupukalo, n'kulowa mumvula. Mayi Pompano anatseka chitseko, n'kupiringidza.