Mtengo wa Nyumba ya Mayi Rautio

Patatha zaka zitatu amuna awo a Teuvo atamwalira, Mayi Aulikki Rautio anaterereka pachipale, madzi oundana ndi kuzizira, akukatenga makalata kumsewu, n'kukhala pansi pomwepo ola lathunthu popanda wodutsa. Atakwawira m'nyumba anaimbira mwana wawo Marjut kumzinda wa Tampere, n'kumuuza kuti tsopano avomera. Agulitsa nyumba, akakhale pafupi naye.

Marjut anali atawapezera kale kafulati kapansi, kopanda masitepe. Mayiwo za ndalama sanade nazo nkhawa. A Teuvo ankanena kawirikawiri kuti nyumba imeneyi, yomwe anamanga ndi manja awo, singatsike pa mayuro 150,000.

Wogulitsa nyumba za anthu m'tauni yawo, bambo Jarmo Lehikoinen, anabwera Lachiwiri. Anavula nsapato pakhomo, anayamikira denga, anasuzumira m'sauna, kachipinda kosambiramo nthunzi, anamwa khofi makapu awiri. Kenako anapempha mayiwo kuti ayende naye pang'ono mumsewu wawo. Anawalozera nyumba ya aneba awo a Veikko, yomwe chikwangwani chake chotsatsa chinali chitasuluka poyembekeza wogula zaka zinayi. Anawalozeranso ina, ndi inanso. Mayi Rautio ankazidutsa nthawi zonse popita kugolosale, koma anali asanaziwerengepo. Zinakwana zisanu ndi imodzi.

"Chitsekereni fakitale ya mapepala, mayi, kuno anthu amangochoka," anatero bamboyo. "Sukulu nayo inatsekedwa. Mabanki sakongoza munthu wofuna kugula kuno. Mukapeza wa 20,000, mundiitane tidzavine."

"Nanga galimoto mwabwera nayoyi munagula zingati?"

"Kuposa pamenepo," anayankha akuyang'ana kumbali.

Mayi Rautio anakana kwamtuwagalu. Anati alembe 90,000, ndipo iye analemba osatsutsa. Nyengo yonse yozizira ankakolopa Loweruka lililonse ndi kuphika mabanzi a sinamoni kuti m'nyumba muzinunkhira. Kunabwera banja limodzi lokha, lochokera kummwera. Linazungulira zipinda zonse mwaulemu, ndipo potuluka mwamunayo anafunsa ngati angamugulitse mazenera okha, akaike pakanyumba kake kopumulirako.

Chipale chitasungunuka anatsitsa mtengo, mu Juni n'kutsitsanso. Pamenepo n'kuti kafulati kaja atatenga ena. Marjut analira pafoni, nati amayi ake angobwera azidzagona m'chipinda cha ana. Iwo anamuuza kuti asavutike, mawondo ayamba kupepukako. Linali bodza. Bedi anali atalisunthira kale kukhitchini chifukwa kuchipinda cham'mwamba sankathanso kukwera.

Mu Ogasiti bambo Lehikoinen anaimba. Kunapezeka munthu wofuna kutenga nyumbayo ulere, bola mayiwo alipire okha anthu odzafukula thanki yakale yamafuta yomwe inali pansi pabwalo. Mayi Rautio anati aganiza kaye, ndipo sanamuimbirenso.

Masamba atayamba kuyoyoka anaitanitsa nkhuni za nyengo ina yozizira. Woyendetsa thirakitala anazikhuthulira pakhomo penipeni monga anamupemphera, nakana khofi chifukwa anali pachangu. Akukwera anawauza kuti nkhuni za chaka chamawa afunefune wina, iye wapeza ntchito kumzinda wa Oulu ndipo achoka Khirisimasi ikadutsa.

"Nanga nyumba yanu?" anafunsa mayiwo.

"Ndingokhoma, mayi," anatero, n'kuliza injini.