Chiwindi Chimene Sindinapereke

Nditangomaliza sekondale, maso a bambo anga anasanduka achikasu. Kuchipatala cha mumzinda wa Daegu anati chiwindi chawo chatha, pakufunika wachibale wowadulira mbali ya chake. Mayi anamwalira kalekale, azakhali a Mal-sun ali ndi matenda a shuga. Onse anayang'ana ine, Bo-reum, mwana mmodzi yekhayo.

Ndinavomera. Ndikanati chiyani?

Atandiyeza anapeza kuti chiwindi changa chili ndi mafuta ambiri. "Miyezi iwiri," anatero Dokotala Pyo. "Zokazinga ayi, shuga ayi, uziyenda m'mawa uliwonse. Mafuta akatsika, tidzadula."

Mawu akuti "tidzadula" anandiopsa kwambiri.

Azakhali anasamukira kwathu ndi sikelo yawo. Ankandiphikira kabichi wowiritsa basi. "Idya udzu, kambuzi kanga," ankatero. "Chiwindicho si chakonso, n'cha achimwene."

M'mawa ndinkayendadi m'mbali mwa mtsinje. Koma pobwerera ndinkadzera kumsika, kwa mayi wina wokazinga hotteok, zitumbuwa zija za shuga wosungunuka m'kati. Ndinkagula zitatu n'kukadyera kuseri kwa mulu wa makatoni. Sinali njala ayi. Ndinkadya dala kuti mafuta asatsike.

Tsiku loyezanso, mafutawo anali atakwera.

"Kabichi yemweyu akusanduka mafuta?" azakhali anandikalipira pakhonde la chipatala. "Ndiwe munthu kapena fakitale?"

Ndinati mwina n'chibadwa. Bambo, mimba itatupa, miyendo ngati bango, ananyamuka pang'onopang'ono kuti tizipita.

Patapita masabata atatu anawagoneka m'chipatala. Masana ena Dokotala Pyo anandiitana. "Chapezeka chiwindi cha munthu amene wamwalira lero. Nachonso chili ndi mafuta, moti zipatala ziwiri zachikana. Ife tachiika m'makina ochipopera magazi ofunda, tichiyang'ana kwa maola asanu ndi limodzi. Chikatulutsa ndulu yabwino, tiwaikira bambo ako. Chikakanika, tidikira china, koma masiku awo sindikulonjeza."

Anandionetsa chithunzi pafoni: chiwindi chotuwa, chonona, chili m'bokosi loonekera m'kati, timapaipi tikulowa ndi kutuluka. Ndinaganiza kuti changa chikuoneka chomwechi. Kungoti mwini wa ichi sanabisale kuseri kwa makatoni.

Azakhali atatsika kukagula madzi, ndinakhala pafupi ndi bedi.

"Ababa, ndinkadya hotteok. Tsiku lililonse. Dala."

"Ndikudziwa," anatero maso ali chitsinzinire. "Jekete lako linkanunkhira mafuta ndi shuga wopserera. Azakhali akowo mphuno zinafa ndi kabichi."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinene kuti akudule? Ine ndinkangopemphera kuti wokazingayo aziwonjezera shuga."

Akanangondimenya mbama zikanakhala bwino. Ndinayang'ana manja awo achikasu aja, misozi osabwera, manyazi okhaokha. Iwo ankawerenga masiku awo otsala akununkhiza jekete langa, n'kumakhala chete.

Ola lachisanu namwino analowa akuthamanga. "Ndulu yatuluka! Bambo Seo, nyamukani, chiwindi chanu chadzuka inu musanadzuke."

Anawaikira chiwindicho ndipo chinagwira ntchito. Azakhali mpaka lero amauza anthu kuti ndinayesetsa, thupi langa ndi limene linakana. Ndikamva zimenezi ndimapita kukatsuka mbale.

Tsopano madokotala akuti bambo aziyenda m'mawa, ndiye timayendera limodzi m'mbali mwa mtsinje uja. Dzulo anakhotera kumsika, ine ndikuwatsatira pambuyo.

"Iwe wa zitatuzitatu, unasowa!" anafuula mayi uja. "Ndimati wakwatiwa osandiitana."

Bambo anagula chitumbuwa chimodzi n'kundipatsa chili chotentha, chokulunga m'kapepala. Ndinachigwira njira yonse mpaka kunyumba, shuga akudontha m'zala. Chinazizirira m'manja mwanga.