Womasulira wa Geresomo

Geresomo anali mmisiri wa matabwa, ndipo tchalitchi cha kwa Mbenje anachimanga ndi manja ake, kuyambira nsichi mpaka mabenchi. Mzungu wa mishoni ankabwera kawiri pachaka kuchokera ku boma la Port Herald. Masabata ena onse mpingo unali m'manja mwa Geresomo: kulalika ndi iye, kalasi ya ubatizo ndi iye, akhristu akakanganirana malire a dimba woweruza ndi iye yemweyo.

Chaka cha 1917, nkhondo itavuta kwa Apwitikizi, Asena anawoloka malire m'chigulu, maukonde kumutu, ana kumbuyo. Tchalitchi chinadzaza mpaka pakhonde. Geresomo ankachimva Chisena, koma poyankhula lilime linkalemera, choncho anasankha mmodzi wa alendowo, msodzi wotchedwa Hilario, kuti aziima pambali pake n'kumamasulira.

Njiru inayambira pamenepo. Geresomo ankasinkhasinkha ulaliki sabata yonse akupala matabwa, koma akayankhula anthu ankangoti duu, akudzikupiza ndi mlaza. Hilario akabwereza zomwezo, amayi ankapukuta misozi, madoda n'kumagwedeza mitu. Geresomo ankatchera khutu kuti amugwire akuwonjezera zake, koma ayi ndithu, munthuyo sankawonjezera kanthu. Ngakhale Amang'anja enieni, oti amva kale, ankasunga "Ameni" wawo mpaka Hilario atsirize. Mwana akadwala m'mudzi, wokapemphera ankaitanidwa Hilario.

"Bambo uja ali ndi mawu okoma," anatero Esinala, mkazi wa Geresomo, akuchokera ku mapemphero.

"Mawu ake ati? Si anga amene aja?"

"Ndi anu inde, abambo. Koma akatulukira mwa iye amakhala ngati athiridwa mchere."

Geresomo tsiku limenelo sanadye.

Kumuchotsa sikukanatheka. Akanamuneneza chiyani? Mowa sankamwa, mkazi anali naye mmodzi. Ndiye Geresomo anaganiza zomukweza. Mvula italimba, anaima pamaso pa mpingo nanena kuti abale a ku Makhanga alibe wowatsogolera, ndipo palibe woyenera kuposa Hilario. Mumtima ankaseka. Makhanga nthawi ya dzinja ndi chilumba: madzi mbali zonse, udzudzu, mvuu, ng'ona. Akalalikire achule kumeneko.

Hilario anagwada, misozi ikulengeza m'maso, nathokoza m'Chisena. "Takhuta, baba. Ine munthu wa mwadiya, wongodziwa bwato ndi ukonde, mwandiyesa munthu."

Chimene Geresomo sanachiganizire, pokhala munthu wa kumtunda woopa madzi olekeza m'mawondo, n'chakuti kwa msodzi madzi osefukira si mpanda koma msewu. Chilimwe, ulendo wa ku Makhanga unali wozungulira, wootcha kumapazi. Tsopano bwato linkangodutsa pamwamba pa minda, nyimbo yoyamba isanathe munthu wafika. Sabata yoyamba anasowa mabanja atatu. Yachitatu pakhonde panalibe munthu. Pofika Malichi, Geresomo ankalalikira nkhalamba zisanu ndi ziwiri ndi Esinala, amenenso maso ake ankangothawira kudoko. Mtima unkamuwawa, ndipo analibe womudandaulira, poti anadzichita yekha.

Madzi asanaphwe mzungu anatulukira. Anaona mabenchi opanda anthu, nafunsa kumene mpingo wapita. Geresomo anayankha chapansipansi kuti ku Makhanga.

"Tiyeni tikawaone," anatero mzunguyo.

Geresomo anakwera bwato atatsinzina, manja atakakamira m'mbali. Atafika anapeza msasa wa bango wosongoka molakwika, nsichi zopindika zoti iye sakanamangira ngakhale khola la mbuzi. Koma anthu! Mkati, kunja, ena atakhala m'mabwato momwemo. Anaona nkhope zimene anaziphunzitsa yekha kalasi, zikuimba mokweza kuposa mmene zinamuimbirapo iye.

Nyimbo itatha mzungu anaimirira, nagwira Geresomo paphewa.

"Abale, atsogoleri ambiri amaumira mpando. Bambo awa anapereka munthu wawo wabwino koposa, ndipo onani chimene chachitika. Ubatizo wa chaka chino uchitikira kuno. Hilario akhala mkulu woyang'anira Makhanga ndi kwa Mbenje komwe. A Geresomo, womusanjika manja ndinu, palibenso wina."

Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. Hilario anagwada m'matope, ndipo Geresomo anaika zikhato zake pamutu pa msodziyo. Misozi inkatsikira m'ndevu.

"Pyadidi!" anafuula mayi wina m'Chisena, kunena kuti zakoma. "Onani chikondi cha bambo pa mwana wake!"

Esinala yekha, amene anakhala naye zaka makumi awiri, anaweramitsa mutu. Pemphero linatuluka lomveka bwino, mawu osapunthwa. Koma pamene pakamwa pankati, "Ambuye, mumudalitse mtumiki wanuyu," mumtima Geresomo ankafunsa kuti, nanga ine ndinakulakwirani chiyani?