Nyemba ya Wilibala

"Aphunzitsi, kodi nyemba ya Wilibala ikudziwa kuti mwini wake sabweranso?"

Anafunsa ndi kamtsikana kotchedwa Ambulera, kali chiimire pawindo, chala chili m'kamwa. Aphunzitsi anayang'ana kudenga. Kenaka anangoti, "Tiye ukasambe m'manja."

Pasukulu ya mkombaphala imeneyi ana anali asanadziwe kuwerenga, choncho aliyense ankasankha chithunzi chake. Chithunzicho chinkamatidwa pamsomali wokolekapo chikwama, pakapu, ndi pachitini chomwe mwanayo anadzalamo nyemba, ndipo mapeto ake chinkasanduka dzina. Kunali Ambulera, Nsomba, Ketulo ndi ena otero. Wilibala anasankha wilibala ati kuti akadzakula azidzanyamuliramo amayi ake akatopa. Koma anadwala masiku ochepa chabe n'kutisiya, nyemba yake itangotulutsa masamba awiri.

Amayi akewo anali telala, neba wa aphunzitsi: mpopi umodzi, chingwe choyanikira zovala chimodzi. M'mawa uliwonse ankabwera naye pampanda n'kunena kuti, "Nayu katundu wanu, aphunzitsi. Madzulo mubweze wathunthu." Chichitikireni maliro, makina osokera anangoti zii, chitseko chili chitsekere.

Lamulo la m'kalasi linali lakuti mwana aliyense azithirira nyemba yake kachitsekero kamodzi ka botolo, basi. Ya Wilibala aphunzitsi ankathirira okha ana asanafike. Koma pamene zinzake zinkakwera pawindo zili biriwiri, iyo inkangosanduka yachikasu, masamba ali lende. Aphunzitsi sanali munthu wofulumira kuloza chala, ndiye anangokhala tcheru.

Tsiku lina nthawi yopuma, ana atagona pamkeka, iwo ananamizira kusongola makirayoni. Anaona Nsomba akunyang'ama, kachitsekero kali m'manja, n'kukathira m'chitini cha Wilibala. Asanabwerere, Ketulo naye anadzuka.

"Iwe Ketulo, ukutani uko?"

"Ndikumugawira, aphunzitsi. Alibe womupatsa."

"Inenso ndimamupatsa!" anakuwa Ambulera.

"Bodza! Iwe umangotayira pansi, manja ako ndi obowoka!"

Mkeka wonse unadzuka, aliyense chala m'mwamba: ine, ine, inenso. Aphunzitsi anakweza chitinicho n'kupeza kuti chalemera ngati mwala, dothi lasanduka matope onunkha. Anafuna kukalipa, koma anangochibwezera pawindo. Nanga akalipire yani, poti naonso ankathira?

Madzulo ake mwini sukulu anawaitana. "Lolemba kukubwera mwana watsopano, afunika msomali ndi malo pawindo. Chitinicho tayani. Ana aiwale msanga."

Aphunzitsi sanatsutse, koma sanatayenso. Anachikulunga m'pepala n'kupita nacho kwawo. Pakhomo la neba anaima nthawi yaitali. Nanga akakhala kuti akukatosa bala? Anabwerera mpaka pampopi, kenaka anadzilimbitsa mtima.

"Odi, aneba."

Chitseko chinatseguka pang'ono. Telala anali ataonda, diresi ikungolendewera.

"Ngati ndi mawu achipepeso, aphunzitsi, ndakhuta nawo."

"Si amenewo ayi. Ndabweza katundu wanu amene anatsala kwathu." Anamupatsira chokulungacho. "Si wathunthu."

Telala anafunyulula pepala. Pachitini panali wilibala yofiira, kirayoni atadutsa m'mizere yonse, ndipo m'katimo mwanayo anajambulamo kamunthu kamutu waukulu. Mayiyo anakhala pansi pakhonde pomwepo, chitini chili pachifuwa, n'kulira kopanda mawu. Aphunzitsi anakhala pambali pake osamugwira. Kulira kutaphwa, anamufotokozera za tizitsekero tija, mmene kalasi yonse inkabera madzi n'kumagawira mnzawo.

Telala anaseka misozi ili chuchuchu. "Mwana wanga uja ankathawa madzi ngati mphaka. Kumusambitsa inali nkhondo. Ndiye lero anzake amumizira nyemba?"

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi sizasi yake yodulira nsalu. Anaboola chitini kunsi, ndipo madzi akuda anadonthera pasimenti.

"Ipulumuka?"

"Sindikunamizani, aneba. Mizu ina yaola. Sindikudziwa."

"Nanga msomali wake?"

"Lolemba pakhala chikwama cha mwana wina."

Telala anagwedeza mutu pang'onopang'ono, chala chikusisita kamunthu ka m'wilibala kaja.

"Ambulera anandifunsa ngati nyembayi ikudziwa kuti mwini wake sabweranso," anatero aphunzitsi. "Ndinasowa choyankha."

"Ingadziwe bwanji? Ngakhale ine sindinadziwebe. Ana akamaweruka ndimangopezeka ndaima pawindo."

Anakumba limodzi m'tsinde mwa mpanda, pomwe mwana ankaperekedwa m'mawa, n'kuika nyembayo ndi dothi louma.

"Azithirira ndi munthu mmodzi," anatero telala. "Ndine."

"Ndinu. Koma ikabereka, ngakhale njere ziwiri, mudzapite nazo nokha kwa anawo. Akuyenera kudziwa kuti sanaiphe."

"M'kalasi muja? Miyendo singandifikitse."

"Ndidzakutengani pompano pampanda, ngati mmene ndinkamutengera iye."

Telala anapukuta dothi pasizasi ndi m'mphepete mwa diresi.

"Ikabereka ndidzapita. Ikafa, mudzabwere tidzaizule awiri. Musadzandisiye ndekha."

"Sindidzakusiyani, aneba."